Foni Imene a Monimoni Sanamasulire

A Monimoni anali munthu wamantha. Zimenezi n'zoyenera kunena koyambirira, chifukwa anthu amene ankangowamva pa wailesi sangavomere. Mawu awo anali aakulu, onona, oti ukawamva umaona m'maganizo chimunthu cha mimba chitakhala pampando wandalema. Koma mwini mawuwo anali kamunthu kowonda, kakhosi kutalika, koti galu akauwa kuseri kwa mpanda kamawolokera mbali ina ya msewu. Ankaopa agalu, ankaopa mawaya a magetsi, ankaopa njinga zamoto, koma choposa zonse ankaopa pamalo pakangoti zii. Pa wailesi kungoti zii masekondi asanu ndi tsoka, ndiye matendawa anapita nawo mpaka kunyumba: akazi awo akangosiya kuyankhula kuti ameze tiyi, iwo ankayamba kufotokoza za nyengo.

Dzinali anawapatsa ndi ana a m'misewu. Pulogalamu yawo inkayamba wani koloko masana, ndipo asananene kanthu kena kalikonse ankapereka moni kanayi: m'chiyankhulo cha kuno, cha kutsidya, cha kudoko, ndi cha kumapiri. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso, ndiponso pakamwa pa akazi awo akapsa mtima.

Iwowo kwawo kunali kutsidya. Anafika mumzinda uno ndevu zisanalimbe, atakolekera chikwama chakufa zipi, osadziwa ngakhale kupempha madzi m'chiyankhulo cha kuno. Sabata yoyamba anapita kukafuna chiphaso chokhalira, n'kuima pamzere masiku atatu. Ankadabwa kuti anthu a kuno amatchena chonchi pokatenga chiphaso, komanso amabwera awiriawiri. Tsiku lachitatu atafika pawindo, kalaliki anawafunsa kanthu, iwo n'kumwetulira. Anafunsanso, iwo n'kugwedeza mutu movomera. Mzere wonse unafa ndi phwete. Funso linali lakuti, "Nanga mkazi ali kuti?" Unali mzere wolembetsa maukwati. Chikwangwani chinalipo, chachikulu bwino, koma chinkayankhula ndi eni ake okha.

Ena akachita manyazi otere amayamba mowa. A Monimoni anayamba ziyankhulo. Cha kuno anachitola akusenza matumba pamsika. Cha kudoko anachiba kwa madalaivala a malole. Cha kumapiri, chimene amayankhula ndi anthu ochepa kwambiri mumzinda muno, anachiphunzira chifukwa cha mtsikana wina wogulitsa sopo. Mtsikanayo anakwatiwa ndi wina, koma chiyankhulo anaiwala kulanda.

Wailesiyo sinali yoti mungaione patali. Inali zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya owotcherera zitsulo, makoma ake omatidwa mathileyi a mazira kuti phokoso la pansi lisalowe, ndipo linkalowabe. Chipinda china chinali cha maikolofoni: tebulo, mpando, wotchi, ndi fani imene inkazimitsidwa babu lofiira likangoyaka, ndiye munthu ankaulutsa mawu thukuta likutsikira m'nsapato. Chinacho chinali cha mabatani, ndipo pakati panali galasi. Kuseri kwa galasilo kunkakhala Mayi Mabatani, alamu awo, obadwa mimba imodzi ndi akazi awo. Ndi iwo amene anawakokera pantchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, tsiku limene wowerenga zidziwitso anagonja ndi matsire. "Alamu, pakamwa panu pali malilime anayi, inu n'kumadyera msana?" anatero, n'kuwakankhira pampando asanasambe ndi m'manja momwe.

Zimene ankaulutsa si zoti munthu angatchuke nazo. Tsiku la katemera, tsiku lolembetsa ana kusukulu, madzi adzasiya liti, ofesi yakutiyakuti imafuna mapepala ati. Koma iwo ankanena mpaka mtundu wa chitseko. "Mukalowe chobiriwira, abale anga. Cha buluu n'cha maukwati." Ndipo anali ndi lamulo limodzi limene ankalilemekeza kuposa malamulo a boma: liwu lililonse lonenedwa mu pulogalamu yawo limveke kanayi. Munthu akaimba foni m'chiyankhulo chake, iwo ankamasulira pompopompo m'zitatu zinazo, osachotsapo, osawonjezera. Tsiku lina bambo wina wa kudoko anawatukwana kuti ndi mbuzi yovala tayi. A Monimoni anamasulira mbuziyo katatu, ndi tayi yake yomwe. Kuyambira pamenepo anthu anadziwa kuti pa wailesi imeneyi palibe wonenedwa miseche iye ali pomwepo osamva.

Lachitatu lililonse kunkakhala gawo lotchedwa Ndani Wamuona. Anthu obwera amatayana m'njira: wina watsalira pamalire, wina wakwera lole ina, wina foni yabedwa. Ndiye m'bale ankakwera masitepe aja n'kufotokoza munthu wake, a Monimoni n'kuwerenga kanayi, kenako n'kutsegula foni kuti amene wamuona anene kumene ali. Ambiri anapezana motero. Ankakumana pamasitepe pomwepo, kulira mpaka owotcherera ankazimitsa makina awo kuti aonerere. A Monimoni ankaima pamwamba, manja kumbuyo, ngati onsewo anawabereka ndi iwo.

Lachitatu limene tikunenali, kutatsala theka la ola kuti pulogalamu iyambe, kunakwera bambo wina wa jekete yakuda, nsapato zowala, chipewa atachigwira m'manja. Kunja kunali kutentha koti phula ankamata ku mapazi, koma iye jekete sanavule. Anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula.

"Malume," anatero m'chiyankhulo cha kutsidya, ndipo mmene analitchulira liwulo, a Monimoni anamva fungo la kwawo. Kayankhulidwe kake kanali ka chigawo chawo chenicheni, kokoka mawu kumapeto. "Ndataya mlongo wanga. Miyezi isanu ndi itatu tsopano. Mayi athu sakudya."

A Monimoni nawo anali ndi mlongo amene anamusiya kutsidya, ndipo anamwalira iwo akunenabe kuti adzapita kukamuona chaka chamawa. Ndiye cholembera anachitenga maso ali kale ndi madzi.

"Fotokoza, mphwanga."

Wajekete anafotokoza mwadongosolo. Wamfupi, woyererapo. Anachoka Lamlungu m'mawa cha m'ma faifi, atavala diresi ya buluu. Anatenga makina osokera a pamanja, akuda, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Anatenga bulangete limodzi, ketulo, ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi.

"Ndikhale pompano, malume, kuti wina akaimba ndimve ndi makutu anga."

Mayi Mabatani sankalola mlendo m'chipinda chawo. Ankati alendo amapumira pa mabatani. Koma a Monimoni anawayang'ana ndi nkhope ya mwana wamasiye.

"Alamu, ndi wakwathu uyu."

"Onse ndi akwanu. Akhale pabenchipo, asakhudze kanthu."

Babu linayaka, fani inaima. A Monimoni anapereka moni wawo, n'kuwerenga uthengawo kanayi, ndipo pa cha kutsidya mawu ananjenjemera mokoma, moti iwo eni anadzimvera chisoni. Kenako anapempha nyimbo.

Nyimbo ili pakati, Mayi Mabatani analowa ndi foni yawo ya m'manja, ataigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Akazi anu. Akuti n'zachangu." Anaisiya patebulo n'kubwerera kumabatani.

Akazi awowo ankachapa ndi kusita zovala za anthu kunyumba, wailesi ili pawindo, ndipo pa zaka zonsezi sanaphonyepo pulogalamu. Si kuti ankaikonda ayi, koma ankafuna kuti madzulo akhale ndi zowakonza amuna awo.

"Bambo, mwazimva zimene mwawerengazo?"

"Ndawerenga kanayi, mayi. Ndili pantchito."

"Kuwerenga mwawerenga, ine ndikufunsa ngati mwamva. Inu mlongo wanu uja akanasowa, mukanatchula ketulo?"

"Ketulo yatani?"

"Munthu wofuna mlongo wake amanena dzina limene ankamuitana ali ana, amanena mmene amasekera, amanena dzino lothyoka. Uyu wawerenga katundu. Nanga za faifi koloko m'mawa anazidziwa bwanji? Ameneyo ndi mwamuna wake. Ndipo mkazi wosenza makina m'bandakucha, mwana kumsana, sanasowe ayi. Anathawa."

"Inu mumakayikira aliyense. Ngakhale amene anatigulitsa firiji uja munamukayikira."

"Ndipo firijiyo ikugwira?"

Nyimbo inatha. Apa ndi pamene matenda aja anawagwira. Kunati zii, ndipo pakamwa panatseguka pokha mutu usanavomere. "Tili ndi foni," anatero. Mayi Mabatani, amene sanamve zimene mng'ono wawo ananena, anakankha batani.

Anali Mayi Nsapato, a kumapiri, ogulitsa nsapato za kaunjika, amene ankaimba tsiku lililonse ngakhale alibe chonena. Zaka zitatu a Monimoni analimbana nawo kuti poimba foni azizimitsa wailesi yawo, chifukwa inkalira tswii m'makutu mwa mzinda wonse. Chaka chimenecho ndiye anali atamva.

"Lero ndazimitsa, musandikalipire," anayamba m'cha kumapiri. "Mayi mukumufunayo ndimamudziwa ine. Amasoka pakhonde la shopu ya penti, kuseri kwa depoti ya mabasi, pafupi ndi benchi langa. Makina ake a waya omwewo. Kamwana kake kamadya kwa ine. Anabwera kuno dzanja lili m'pulasitala, akuti anamuthyola ndi mwamuna wake, chilombo cha munthu. Koma ine anandiuza kuti kwawo anabadwa yekha, mlongo alibe. Kaya ndi wa bambo ena, mabanja a masiku anowa. Basi ndi zomwezo, mundiikire nyimbo ija."

A Monimoni anakweza maso. Wajekete anali atadzuka pabenchi, waima pagalasi, chipewa wachipinda m'dzanja limodzi. Cha kumapiri sankachimva, koma sankada nkhawa. Mzinda wonse unkadziwa kuti kwa a Monimoni umangodikira pang'ono, mawu amabwera okha m'chiyankhulo chako.

Ndipo anali akubwera. Lilime linali litazolowera kale kuyenda lokha. "Mayi athu akuti," anayamba m'cha kuno, "akuti mayi tikumufunayu..."

Anatseka pakamwa ndi dzanja, dzanja lenileni, ngati munthu wofuna kusanza m'basi.

Wotchi ya pakhoma inayenda masekondi asanu. Khumi. Mayi Mabatani anazunguza chala m'mwamba, kutanthauza kuti yankhulani, kenako anagogoda galasi ndi cholembera. Mzinda wonse unamva owotcherera akudula chitsulo pansi. Masekondi makumi awiri.

Atatsegula pakamwa, panatuluka cha kumapiri. "Mayi, tamverani. Amene akumufunayo ali pano, ndipo ndikuopa kuti si mlongo wake. Pitani pompano mukamuuze kuti..."

M'makutu munalira tuu, tuu, tuu. Mayunitsi a Mayi Nsapato anali atatha. Anathera pa liwu liti, a Monimoni sanadziwe. Ndipo wailesi ya mayiwo inali yozimitsa, monga anawaphunzitsira iwo eni.

Wajekete anagogoda galasi. Analoza khutu lake, n'kuloza maikolofoni.

"Mayi athu," anatero a Monimoni m'cha kutsidya, mawu aakulu aja atasanduka a mwana wa sukulu, "akupereka moni kwa onse. Akutinso nsapato zafika zatsopano." Linali bodza lawo loyamba pa wailesi, ndipo linkaoneka kuti n'loyamba. Anapempha nyimbo ndi dzanja.

Babu litazima, Wajekete analowa osagogoda.

"Malume, mayi uja wanena depoti."

"Amagulitsira kumeneko."

"Wanenanso makina."

"Makina... opukutira nsapato."

Wajekete anawayang'ana nthawi yaitali. Sanakweze mawu. Anangoika dzanja patebulo, pamwamba pa pepala la uthenga lija, ndipo a Monimoni anaona kukula kwa dzanjalo, zala ngati mipini.

"Inu mumamasulira zonse. Aliyense amadziwa. Lero chavuta n'chiyani?"

"Mawu ena a kumapiri ndi ozama, mphwanga."

"Za m'nyumba mwa munthu musamazilowerere, malume. Mwakula."

Mayi Mabatani anaima pakhomo atagwira sipanala yomangira mlongoti. Cha kutsidya sankachimva bwino, koma dzanja lija analimva. "Bambo, nthawi ya alendo yatha. Pansipa pali amuna asanu a zitsulo. Ndikangoponda katatu, akwera."

Wajekete anavala chipewa n'kutsika masitepe mosathamanga. Kusathamangako ndi kumene kunawaopsa kwambiri a Monimoni.

Anafotokozera alamu awo m'mawu ochepa. Mayi Mabatani anaimba nambala ya Mayi Nsapato. Inaitana mpaka kutopa. Anaimbanso. Koma foni ya mayi wa pamsika ikatha ntchito imabwerera pachifuwa, pansi pa nsalu ziwiri, ndipo kumeneko ngakhale lipenga silimveka.

"Kudepoti ndi mphindi makumi awiri wapansi," anatero a Monimoni, akufunafuna jekete yawo imene sanabwere nayo. "Pa njinga, zisanu. Ndipite."

"Mukatani inu, mukamumenye ndi khosi? Khalani pansi, alamu. Chinthu chofika kudepoti msanga kuposa njinga muli nacho pamphuno." Analoza maikolofoni. "Nyimbo yatsala masekondi khumi."

Pulogalamu inali itatsala mphindi makumi atatu ndi zisanu. A Monimoni anatenga chidziwitso cha katemera. Anachiwerenga m'cha kuno, m'cha kutsidya, m'cha kudoko. Itafika nthawi ya cha kumapiri, katemera anamusiya. "Abale anga amene muli pafupi ndi depoti, aliyense amene wailesi yake ili yoyatsa, pitani pashopu ya penti mukamuuze mayi wosoka kuti mwamuna wa jekete yakuda akubwera. Akakufunsani zimene zanenedwa pa wailesi, musamumasulire. Ndalakwa ndine, ndithandizeni." Chidziwitso cha madzi, chimodzimodzi. Atabwereza kachitatu ndi pamene anazindikira kuti penti ndi penti m'ziyankhulo zonse, ndipo malo amene akuwabisa akuwalengeza okha. Kuyambira apo ankangoti "paja mukupadziwa".

Komanso ankayankhula ndi ndani? Masana otentha chonchi anthu a pamsika amazimitsa wailesi kuti asunge mabatire. Ndiponso si onse a kumapiri amene ali ndi mtima wabwino. Alipo ena oti kuwagulira botolo limodzi amamasulira ndi za mawa zomwe. A Monimoni ankayang'ana wotchi n'kumamuyendetsa Wajekete m'maganizo: tsopano wadutsa pa sitolo ya mankhwala, tsopano ali pa mphambano, tsopano wafika.

Foni inalira, ndipo anaithamangira. Anali bambo wa kudoko, yemwe uja wa mbuzi. "A Monimoni, katemera wa a kumapiri bwanji watalika? Akuwabaya kangati iwowo? Mwayamba kutibisira?" A Monimoni anamasulira dandaulolo katatu mokhulupirika, koma yankho sanapereke. Foni ina inali ya mayi wofuna nyimbo. Ina inali yolakwika nambala. Yochokera kudepoti, ayi.

Thu koloko itakwana anatsazika kamodzi kokha, n'kutsika masitepe awiriawiri. Anakwera njinga yamoto koyamba m'moyo wawo, maso atatsinzina, atamukumbatira woyendetsa mpaka iye anati, "Bambo, ndipumeko."

Kuseri kwa depoti kunali mzere wa mashopu ndi mabenchi, utsi wa mabasi, makondakitala akuitanira. Shopu ya penti anaiona patali. Pakhonde panali katebulo kopanda kanthu, mpando, ndi tizidutswa ta nsalu pansi. Makina panalibe. Kaya wathawa, kaya watengedwa. Kenako anaona jekete yakuda ikuyenda benchi ndi benchi, ndipo mtima unatsikako pang'ono, chifukwa akanamupeza sakanafunsanso.

Wajekete ankafunsa mwaulemu, chipewa m'manja. Koma tsiku limenelo anthu a kumapiri, amene masiku onse amatsatsa malonda m'chiyankhulo chilichonse chimene kasitomala wabwera nacho, anali ataiwala zonse kupatula chawo. Ankamuyankha motalika, momwetulira, wina akuloza kumwamba, wina kumadzulo, wina kuchimbudzi.

Kenako Wajekete anatembenuka n'kuwaona a Monimoni.

"Malume. Mwatsata nsapato zatsopano zija?"

"Eya," anatero a Monimoni, n'kugwera pabenchi la Mayi Nsapato. Anavula nsapato zawo, chala chachikulu chili panja pa sokosi. Ankadziwa kuti maso akangopita ku shopu ya penti, ndiye kuti amasulira ndi maso. Choncho anayang'ana mapazi awo okha. Wajekete anaima pambali pawo, osachoka, mthunzi wake uli pa mawondo awo. Mayi Nsapato anawayesa peyala yoyamba, yachiwiri, yachisanu, ya mpira, ya akazi yomwe, akuwakalipira m'cha kumapiri ndi nkhope yotsatsa malonda.

"Musayang'ane kumanzere. Ali m'shopu ija, kumbuyo. Anamva ndi mnzanga wogulitsa malamba, yake inali yoyatsa. Ine yanga ndinazimitsa, si munandiuza ndinu? Kwezani phazi."

"Akuti chiyani?" anafunsa Wajekete.

"Akuti phazi langa ndi lopotoka."

Panapita pafupifupi ola. Nsapato zinatha, Mayi Nsapato n'kuyambanso zoyamba zija. Pomaliza kondakitala wina wa kuno, amene ankaonerera zonsezi akutokosa m'mano, anamuitana Wajekete n'kumuuza kuti telala wamkazi wa makina a waya anamuonapo, koma kudepoti inayo, ya malole, kupitirira njanji. Anafotokoza njira bwinobwino, mpaka mtengo wokhotera. Wajekete anawayang'ananso a Monimoni kamodzi, n'kukwera njinga.

Mwini shopu ya penti anawalowetsa kumbuyo, phazi lina lili m'nsapato yawo, lina m'nsapato ya mpira. M'kachipinda kopanda windo, mayiyo anali atakhala pa chitini chachikulu, makina ali pamiyendo, mwana atagona pa makatoni. Anali wamfupi, woyererapo, monga momwe anamuwerengera. Dzanja lamanja linali lokhota pang'ono.

A Monimoni, ndi malilime awo anayi, anasowa poyambira.

"Ndinamva ndekha, bambo," anatero mayiyo m'cha kutsidya. "Wailesi inali pambali panga. Munandifotokoza bwino. Ndi ketulo yomwe."

"Bwanji osathawa pomwepo?"

"Miyendo inakana. Ndinazimitsa wailesi ngati kuti ikazima zathanso. Ndinali ndi thalauza la munthu pa singano, ndinangopitiriza kusoka. Ndinamaliza mwendo wonse. Ndi amayi a malamba aja anadzandinyamula."

"Mwana wanga, ndalakwa. Ndinamva kayankhulidwe ka kwathu, mutu n'kuleka kugwira ntchito."

"Amayankhula bwino. Inenso ndinagwera pomwepo." Sanaseke. "Ine ndinkakumverani tsiku lililonse. Chipatala chimene anandimanga dzanjali munandiuza ndinu. Mwanayu ndinakamulembetsa sukulu ya mkaka tsiku limene munanena. Makasitomala ndinali nditapeza, mayunifolomu a sukulu ziwiri. Tsopano wadziwa depoti. Abweranso mawa, ndi mkuja. Sagwa ulesi ameneyo."

"Pali ofesi yothandiza amayi. Ndikhoza kukuperekeza."

"Ndikuidziwa, munainena. Ndidzapita, koma osati kuchokera pano."

Mwini shopu anali ndi galimoto yoperekera penti imene inkanyamuka folo koloko. Anaiimika chakumbuyo, pakhomo penipeni pa kachipindako. A Monimoni anapempha kuti anyamule makina. Anali olemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo waya uja unawabaya pachikhatho. Mayi Nsapato anaponyamo jumbo ya tinsapato ta mwana, akung'ung'udza kuti masiku ano ukathandiza pa foni umasanduka wolakwa. Mayiyo anakhala pakati pa zitini, mwana pamiyendo, n'kupereka thalauza lija kwa mwini shopu kuti adzapatse mwini wake, mwendo umodzi wosasoka.

Dalaivala analiza injini. A Monimoni anagwira chitseko, pakamwa n'kutseguka pokha monga mwa masiku onse.

"Ndiye ukupita kuti, mwana wanga?"

Mayiyo anawayang'ana. Mlomo wake unakhota pang'ono ngati ufuna kuseka.

"Inu ndiye ayi, bambo."

Anatseka chitseko. Kumapeto kwa kanjirako msewu unkagawikana, wina kumanja, wina kumanzere. Galimoto isanafike pamenepo, a Monimoni anatembenuka n'kuyang'ana khoma, ndipo anaimabe choncho mpaka injini inaleka kumveka.